Limbe wa Dzana ndi Limbe wa Lero

Limbe sanayambe ngati mudzi wa mfumu, kapena ngati malo a mishoni monga anayambira Blantyre. Anabadwa chifukwa cha ntchito. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, itakwera mapiri kudzera ku Chiromo ndi ku Luchenza n'kufika kuno mu 1908, azungu a kampani ya Imperial Tobacco anamanga fakitale ya fodya pafupi ndi siteshoni, a njanji nawo n'kukhazika likulu lawo ndi malo okonzera sitima pomwepo. Amwenye anatsatira ndi masitolo. Anthu athu anatsatira ndi manja awo: Ayao a ku Chiradzulu, Amang'anja a kuchigwa cha Shire, Angoni a ku Ntcheu, Alhomwe amene ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, onse kudzasaka ndalama ya msonkho. Mu 1956 Limbe anaphatikizidwa ndi Blantyre kukhala mzinda umodzi, komabe anthu sanasiye kuwasiyanitsa. Ku Blantyre kunali maofesi, mabanki ndi makhoti. Ku Limbe kunali thukuta.

Ine ndinakulira ku Bangwe, ndipo Limbe amene ndimamudziwa bwino ndi wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Bambo anga anali telala wa pakhonde. Makina awo a Singer, opalasa ndi mapazi aja, ankagona m'sitolo ya mmwenye wina, ndipo m'mawa uliwonse ankawatulutsa n'kuwakhazika pambali pa chitseko kuti munthu akagula nsalu m'katimo asayende mtunda kufuna womusokera. Masiku opanda sukulu ndinkapita nawo kukasokerera mabatani ndi kukoleza makala a m'simbi. Tinkanyamuka kusanayere bwino, nthawi zina m'chifunga cha chiperoni, koma msewu wotsikira ku Limbe tinkaupeza utadzaza kale. Amuna a maovolosi, ena a njanji, ena a ku fodya, ena a ku ADMARC, ankayenda mwandawala, mbatata kapena chinangwa chophika chili m'kachitini, popanda woima kuti acheze chifukwa wezulo wa pafakitale sankadikira munthu. Mabasi a United Transport ankayenda pa nthawi yake, kondakitala atakoleka kamakina ka matikiti pachifuwa. Sitima ikalira pa siteshoni, amayi a nthochi ndi nzimbe ankadziwa okha ngati ndi ya ku Nsanje kapena ya ku Salima.

Nsalu imene bambo ankasoka inali ndi ulendo woti ngakhale mwana akanatha kuulondola. Thonje linkalimidwa ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima. A ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971 ndipo likulu lake linali mu Limbe momwemu, ankaligula m'misika ya kumidzi. Likachotsedwa njere linkapita ku fakitale ya David Whitehead & Sons, imene inatsegulidwa mu 1967 ku Makata, m'munsi mwa Ndirande, kumene anthu masauzande ankasinthana usana ndi usiku kupota ulusi, kuluka nsalu ndi kudinda maluwa. Kuchoka kumeneko nsalu ya Whitex inkafika pashelefu ya mmwenye, n'kutulukira pakhonde pa bambo, n'kukathera pathupi pa mwana wa sukulu, mwinanso mwana wa mlimi yemwe uja analima thonjelo. Pa diresi imodzi pankadya anthu ambiri: mlimi, kalaliki wa pasikelo, dalaivala wa lole, woluka, mwini sitolo ndi telala. Zinali chimodzimodzi ndi sopo wa ku Lever Brothers, nsapato za Bata, makasu a Agrimal ndi wailesi za Nzeru. Sizinali zokongola kuposa za kunja, ena ankazinyoza kumene, koma zinkapangidwa ndi anthu amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Chimene sindidzachiiwala ndi kabuku ka ngongole kamene bambo ankasunga m'kabati ya makina, pamodzi ndi choko ndi tepi yoyezera. Munthu wa njanji ankabwera pakati pa mwezi, alibe ndi tambala yomwe, n'kuyezetsa ana ake mayunifolomu. Bambo ankasoka, n'kulemba dzina lake ndi kumene amagwira ntchito, basi. Mwezi ukatha munthu uja ankabwera yekha, asanafike n'kunyumba komwe, envelopu ya malipiro ili m'thumba la malaya. "Aphiri, fufutani dzina langa," ankatero, ndipo bambo ankadula mzere iye akuona. Wa okala, mayi wogulitsa nkhuni, mwini nyumba ya lendi, onse ankakhalira moyo womwewo. Sikuti anthu a nthawi imeneyo anali oyera mtima kuposa ife. Ngongole inkatheka chifukwa aliyense ankadziwa tsiku limene mnzake adzalandire, ndiponso ankadziwa kuti ndalama imene wakongoza lero idzagula zinthu zomwezo ikadzabwezedwa. Kwacha, imene inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, inali yamphamvu kuposa dola ya ku America mpaka cha mu 1981. Munthu ankatha kunena kuti chaka chino ndigula malata khumi, chaka chamawa ena khumi, ndikadzapuma ntchito ndidzakafolera nyumba kumudzi, ndipo kwa ambiri zinkathekadi. Pa zonse zimene Limbe wataya, ine ndimaona kuti chachikulu n'chimenechi: munthu wamba kutha kuwerengera za mawa.

Pali anzanga amene nkhani ikafika apa amausa moyo n'kunena kuti bola nthawi ya Kamuzu. Sindivomerezana nawo kwathunthu. Pachipata cha msika pankaima anyamata a yufi a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi ya chipani sankalowa, ngakhale akhale mayi wa mwana kumsana wongofuna tomato. A Mboni za Yehova anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'dziko lawo lomwe. Munthu ankatha kutengedwa pantchito dzuwa likuswa mtengo, banja lake osamuonanso kwa zaka, anansi n'kumaopa ngakhale kukazonda. Malipiro a m'mafakitale anali ochepa, ndipo mabungwe a antchito anali otsekedwa pakamwa. Mlimi wa thonje uja ankapatsidwa mtengo wotsika mwadala, phindu la ADMARC n'kumakatukula maesiteti a fodya a akuluakulu ndi kampani ya Press. Dongosolo linalipo, inde, koma m'kati mwake munali mantha. Ndikamadandaula za Limbe wakale sindifuna mantha amenewo abwerere. Ndimadandaula ntchito, ndipo sindikhulupirira kuti ufulu unkafuna kuti tiugule ndi ntchito zathu.

Zinthu zinayamba kusokonekera ndi nkhondo ya ku Mozambique. Limbe anali ndi njira ziwiri zopita kunyanja yamchere: ya ku Beira, yodzera pa mlatho wautali wa pa Zambezi umene unamalizidwa mu 1935, ndi ya ku Nacala, yodzera ku Nkaya ndi ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Pofika mu 1984 zigawenga za Renamo zinali zitadula zonse ziwiri. Feteleza, mafuta ndi zipangizo za m'mafakitale zinayamba kuzungulira pamsewu kuchokera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wa chilichonse unakwera. Mabogi anayamba kuchita dzimbiri pa siteshoni. Nthawi yomweyo boma linali litalowa m'ngongole za IMF ndi World Bank, ndipo eni ndalama anabwera ndi malamulo awo: chepetsani mphamvu ya kwacha, chotsani thandizo la feteleza, tsekani misika ya ADMARC yosapindula, tsegulani malire. Mu 1988 ulendo wa Theba wopita kumigodi ya ku South Africa nawo unatha, ndipo amuna amene ankabwera ndi njinga, masutukesi ndi nsalu zoti asoketse anakhala pansi.

Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula boma, antchito a ku David Whitehead ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Mafakitale ena anatsatira, anthu a m'makomboni analowerera, masitolo a PTC anaswedwa, apolisi anawombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa. Bambo anabwerera kunyumba masanasana, makina atawasiya m'sitolo yokhoma. Tikamafotokoza mbiri ya ufulu wa zipani zambiri timatchula maepiskopi, timatchula Chakufwa Chihana ndi Bakili Muluzi, koma antchito a ku Makata ndi ku Limbe timawaiwala, chonsecho anali m'gulu la oyamba kuika moyo wawo pachiswe. Patatha zaka khumi ambiri a iwo analibenso ntchito.

Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinabweretsa chimwemwe chenicheni, ndipo ku Bangwe tinavina mpaka usiku. Koma mu Febuluwale 1994 kwacha inali itasiyidwa kuti msika ndiwo uziipatsa mtengo, ndipo chaka chisanathe dola imene inkagulidwa ndi K4 ndi matambala inafika pa K15. Malire atatseguka, mabelo a kaunjika anakhamukira mu Limbe. Kaunjika sindingamunyoze. Anaveka ana a kumudzi amene kale ankayenda ndi nsanza, ndipo mpaka lero akudyetsa mabanja osawerengeka. Koma malaya otola pamulu anali otsika mtengo kuposa nsalu yosasoka n'komwe, ndiye ndani akanapitanso kwa telala? Ntchito ya bambo inasanduka yochepetsa mathalauza aakulu a kunja, kusintha mazipi ndi kuika zigamba. Sanadandaule pamaso pathu, koma ndinkawaona akasisita nsalu yatsopano m'sitolo, nsalu imene panalibe woti awapatse kuti adule. Kabuku kaja anakasiya. Ena mwa olembedwamo anali atachotsedwa ntchito, ena anali kumanda, pakuti zaka zomwezo Edzi inatenga amisiri, madalaivala, aphunzitsi ndi makalaliki a msinkhu wogwira ntchito. Malo okhomera mabokosi a maliro ndiwo ankachuluka m'mphepete mwa misewu, ndipo ma ARV aulere atayamba mu 2004 mabanja ambiri anali atatsala a agogo ndi adzukulu okhaokha.

Lamulo logulitsa makampani a boma linadutsa mu 1996. Njanji inaperekedwa kwa a Central East African Railways mu 1999, ndipo David Whitehead inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Mabasi aakulu a m'tauni anazimiririka, minibasi n'kutenga malo. Tinauzidwa kuti boma silidziwa malonda, ndipo mbali ina zinali zoona, chifukwa makampani ena ankangodya misonkho ya anthu. Funso limene palibe analiyankha ndi lakuti ochotsedwa ntchitowo alowera kuti, nanga ana awo akamaliza sukulu adzagogoda pachipata cha yani. Choipa china n'chakuti chimene chaonongeka tinasiya kuchikonza. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo. Maboma asinthana, malonjezo aperekedwa pa misonkhano, koma kuyambira chaka chimenecho sitima yochokera pa Limbe sinafikenso ku Nsanje. Njanji yatsopano imene kampani ya Vale inamanga m'zaka za m'ma 2010 ndi yolimba bwino, koma ntchito yake yaikulu ndi kudutsitsa malasha a ku Moatize kudzera pa Nkaya kupita ku Nacala. Limbe imamulambalala.

Okonda mpira angathe kuiona mbiri yomweyi pa maina a matimu. Kale tinkaonera Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, ADMARC Tigers, Hardware Stars ndi Whitex, ndipo osewera ambiri ankalembedwa ntchito m'makampani omwewo. Wanderers, Manoma aja, pambuyo pake anadzatchedwa Be Forward Wanderers, dzina la kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto oyenda kale, kenaka Mukuru Wanderers, dzina la kampani imene abale athu a ku Joni amatumizira ndalama kumudzi. Makampani amenewa anachita bwino kuthandiza timu, palibe chowadzudzula. Koma maina awo akusonyeza kumene ndalama ya dziko lino yakhala ikuzungulira: pogula zimene ena anagwiritsa kale ntchito, ndi polandira zimene ana athu akhetsera thukuta m'dziko la eni, kumene nthawi zina amathamangitsidwa ndi zikwanje.

Limbe wa lero ndi wodzaza kuposa kale lonse. Kuchokera pa depoti ya minibasi mpaka kumsika phazi limasowa popondera. Aliyense akugulitsa kanthu: machaja a foni, majumbo, anyezi wa pamulu, mankhwala a makoswe, nsapato zopachika m'khosi. Anyamata amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ena a madigiri, akuitanira minibasi kapena ali pa kabaza wa njinga yamoto, ambiri pa njinga ya bwana imene ayenera kuipezera ndalama ya tsiku asanadye iwo. Mafakitale alipobe, a fodya, a mafuta ophikira, a mapulasitiki, koma sangameze khamu lonseli. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Mashelefu adzaza ndi katundu wa ku China, ku Dubai, ku Tanzania ndi ku South Africa. Ku Bangwe, ku Kachere ndi ku Chiwembe ufa umagulidwa wa wokumani, wongokwana mphika umodzi, mafuta ophikira a m'kachubu, shuga wa pasupuni, ndipo potero wosauka amalipira zambiri kuposa amene amagula thumba lathunthu. Ngongole imene yatsala ndi ya katapila ndi ya banki m'khonde, imene yalanditsa amayi ambiri ziwiya ndi mabedi. Wa okala akakukana ngongole si nkhanza. Iyenso sakudziwa kuti akapita kukaoda mawa akapeza mtengo wanji.

Ndipo ali ndi chifukwa choopera. Mu Meyi 2012 dola inalumpha kuchoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700 kubanki, pamene pamsika wamseri mtengo unadzafika powirikiza kawiri n'kupitirira. Mu 2012 tinaona K1,000 ya pepala, mu 2016 K2,000, mu 2022 K5,000, ndipo mwana wobadwa lero tambala sadzaigwira m'manja. Mizere ya mafuta ngati ya chaka cha 2011, imene tinkayesa kuti inatha, inabwereranso, anthu n'kumagona m'magalimoto pa filing'i siteshoni, zigubu zili mbwee. Mu 2022 ADMARC, imene inali msana wa tauni ino, inaimitsa ntchito n'kutumiza antchito ake masauzande kunyumba, ndipo itatsegulidwanso sinabwerere mwakale. Masitolo a PTC anatsekedwa chaka chomwecho.

Umphawi umenewu unakweranso mapiri. Ndili mwana, mapiri a Ndirande, Soche, Bangwe ndi Mpingwe anali ndi mitengo yoti munthu n'kusocheramo. Anthu osowa ntchito anaidula kuti aotche makala ndi njerwa, ogula ake tili ife tomwe amene magetsi sitingawadalire, ndipo osowa malo anamanga nyumba m'matherezi ndi m'makwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 1,000 anapita, kuwerengera ndi amene matupi awo sanapezeke. Mvula ndi ya Mulungu, koma amene anakankhira anthu aja m'phiri ndi kusowa kwa ntchito ndi kwa malo.

Ndimamva ena akunena kuti Amalawi ndife aulesi, ena kuti dzikoli ndi lotembereredwa. Wonena zimenezi akaime pa msika wa Limbe mbandakucha aone amayi akutsika m'malole atakhalira matumba a kabichi ndi mbatata, mwana ali kumsana, kuti akagulitse tsiku lonse padzuwa n'kupeza ya ufa wa madzulo. Anthu awa akugwira ntchito yowawa kuposa imene makolo awo ankagwira m'mafakitale, koma phindu lake silifika mawa. Nkhondo, chilala, anamondwe ndi malangizo olakwika a obwereketsa ndalama zinatipweteka, zimenezo n'zoona. Komabe si alendo amene anagulitsa chimanga cha m'nkhokwe za boma njala ya 2002 ili pakhomo, anthu n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi. Si alendo amene anatulutsa mabiliyoni ku Capital Hill pa Cashgate ya 2013. Si alendo amene atisiya tikudalirabe fodya kuti atibweretsere ndalama zakunja, pamene dziko lonse lapansi likulimbana ndi kusuta. Chipani chilichonse chimene chalamulira kuyambira 1994 chili ndi gawo lake pa mlandu umenewu, ndipo ife ovota tapitiriza kusinthanitsa zaka zisanu ndi chitenje ndi kandalama ka pamsonkhano.

Pali chuma chimodzi chimene chatsalako, ndipo chikutha mwakachetechete. Ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri kuli madala ndi amayi amene anathera unyamata wawo pa makina. Alipo amene amadziwa kumasula injini ya sitima n'kuimanganso, kusula chitsulo chimene chathyoka m'malo moitanitsa china kunja, kulumikiza ulusi pa makina olukira, kusakaniza utoto wa nsalu, kudula suti popanda pepala. Ambiri akungokhala pakhonde, ena ndi alonda a usiku pa masitolo, ndipo mwezi uliwonse timaika mmodzi m'manda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa. Bambo anga anapita osasiyira wina aliyense luso lawo, chifukwa panalibe mnyamata woona phindu pophunzira utelala.

A TEVETA, a khonsolo ya mzinda wa Blantyre, eni mafakitale amene atsala, ndi inu aphungu amene timakutumani ku Lilongwe: afunefuneni anthu amenewa akadali ndi mphamvu, muwalipire, muwapatse achinyamata oti awaphunzitse m'makoleji a ntchito zamanja ndi m'magalaji. Ndipo inu amene muli ndi gogo wotere pakhomo panu, musadikire boma. Khalani naye pansi sabata ino, mumufunse ankagwira kuti, ankapanga chiyani, ankapanga bwanji, ndipo ana anu akhale pomwepo akumva.